Mmene makina a m'nyumba zazikulu amalankhulirana: BMS, PLC, Modbus ndi BACnet

 Ambiri mwa ife timadyera m'nyumba zikuluzikulu za eni ake: mamolo, mahotela, zipatala, maofesi, nyumba zosungiramo katundu. Wina ndi mlonda, wina ndi wa maintenance, wina amanyamula makwerero ndi thumba la zipangizo kutsatira wa magetsi. Ndipo m'nyumba zambiri zotere muli kachipinda komwe muli kompyuta yosazimitsidwa, yoonetsa zithunzi za mapampu, mafani, jenereta ndi matanki, zina zobiriwira zina zofiira. Mlonda wa usiku amangouzidwa kuti, "Pakafiira apa uimbe foni." Basi. Palibe amamufotokozera kuti kufiirako kwachokera kuti, kwadutsa m'mawaya ati, kapena kuti kubiriwirako nthawi zina kumakhala bodza.

Ine ntchito yanga ndi yomweyi, yolumikiza makinawa kuti azimvana. Ndati ndilembe zimene munthu wogwira pafupi ndi makina otere ayenera kudziwa, m'chinenero chathu, chifukwa mabuku ake ali m'Chingerezi cha mainjiniya chomwe ngakhale eni Chingereziwo amachiwerenga akukanda m'mutu. Mayina a zipangizo ndawasiya mmene alili, poti ndi mmene mukawapezere pa zitseko za ma panel.

BMS ndi PLC si chinthu chimodzi

BMS ndi chidule cha Building Management System. Ku America amakonda kunena kuti BAS, koma ndi yomweyo. Iganizireni ngati kapitawo wa nyumba yonse. Imaona kuti m'maofesi musatenthe kapena kuzizira kwambiri, ma air conditioner ayake 6 koloko m'mawa ndi kuzima madzulo, magetsi ndi madzi zapita zochuluka bwanji, ndipo imaliza alamu chinthu chikalakwika. Pa sikirini mudzaona mayina ngati Metasys ya Johnson Controls, Desigo ya Siemens, Trend yomwe ndi yofala ku Britain, kapena Niagara ya kampani ya Tridium yomwe Honeywell inagula mu 2005. BMS ilibe phuma. Chipinda sichitentha pa sekondi imodzi, ndiye uthenga ukachedwa ndi masekondi 30 palibe chawonongeka.

PLC ndi nyama ina. Iyi inabadwira m'fakitale. Mu 1968 kampani ya General Motors inatopa ndi makabati odzaza ma relay omwe ankafunika kumasula mawaya ndi kulumikizanso nthawi iliyonse akasintha mtundu wa galimoto, ndipo inapempha kabokosi kotha kusinthidwa ndi pulogalamu chabe. Gulu la Dick Morley linapanga Modicon 084, ndipo zina zonse zinatsatira pamenepo. PLC imaunguza makina ake kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ikaona choopsa imaimitsa pompo osafunsa aliyense. Amene munagwirapo m'mafakitale a ku Kanengo kapena ku Makata mwina munaziona, za Siemens, Allen-Bradley, Mitsubishi kapena Omron. M'nyumba zazikulu mumazipeza pa boiler, pa mapampu okweza madzi, pa zipinda zozizira zosungiramo nyama, ndi pa panel yosintha magetsi kuchoka kwa Eskom kupita ku jenereta.

PLC ili ndi abale ake omwe amalankhula ngati iyo: kabokosi koyendetsa jenereta monga ka Deep Sea Electronics kapena ComAp, ma VSD a ABB ndi Danfoss omwe amachepetsa kapena kuwonjezera liwiro la mota, mita ya magetsi, UPS, ndi inverter ya sola. Kuno ku South Africa zinthu zimenezi zinachuluka chifukwa cha load shedding. Inayamba kumapeto kwa 2007, koma mu 2022 ndi 2023, pomwe stage 6 inasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku, eni nyumba anagula majenereta, ma inverter ndi mabatire mwaunyinji, ichi kwa uyu, icho kwa uyo. Kenako bwana anafuna kuona zonsezo pa sikirini imodzi. Ntchito yathu inachuluka pamenepo.

Msewu ndi chinenero

Njira yakale inali yakuti uthenga uliwonse ukhale ndi mawaya ake awiri. Jenereta ikuyenda, mawaya awiri. Jenereta yalakwika, ena awiri. Dizilo m'thanki, enanso awiri onyamula 4 mpaka 20 mA. Njirayi ikadalipo ndipo pa zinthu zofunika kwambiri ndi yodalirika kuposa ina iliyonse. Koma kabokosi ka jenereta kamadziwa zinthu zambirimbiri: mavoti, ma amp, kutentha kwa injini, mphamvu ya oyilo, maola amene yayenda, batire yolizira. Simungakoke mawaya a zonsezo. Ndiye anthu anagwirizana zotumiza mauthenga onse pa chingwe chimodzi, motsatizana, ndipo malamulo a katumizidwe kake ndi amene amatchedwa protocol. Protocol ndi chinenero pamodzi ndi mwambo wake: ayambe kulankhula ndani, adikire nthawi yaitali bwanji, adziwe bwanji kuti mnzake wamva zolondola.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ngakhale a magetsi a zaka zambiri. Chingwe ndi msewu, protocol ndi chinenero cha okwera. RS-485 ndi msewu. Ethernet ndi msewu. Modbus ndi BACnet ndi zinenero. Munthu akakuuzani kuti "makinawa ali ndi RS-485" sanakuuzeni kanthu, zili ngati kunena kuti mlendo wabwera pa basi osanena kuti amalankhula Chizulu kapena Chisena. Modbus RTU ndi BACnet MS/TP zonse zimayenda pa RS-485, mawaya ake ofanana ndendende, koma simungaziike pa chingwe chimodzi. Zingosokonezana.

Modbus, chinenero cha ku fakitale

Modbus inatulutsidwa ndi kampani ya Modicon mu 1979. Modicon pano ili m'manja mwa Schneider Electric, ndipo kuyambira 2004 chinenerochi chimayang'aniridwa ndi bungwe loima palokha la Modbus Organization. Aliyense atha kuchigwiritsa ntchito osalipira, ndipo ndi chophweka, n'chifukwa chake mpaka lero ngakhale mita yotchipa ya ku China imachidziwa.

Kayendedwe kake kali ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi. Pa chingwe cha Modbus RTU pamakhala wofunsa mmodzi yekha, ena onse ndi oyankha, ndipo woyankha satsegula pakamwa asanaitanidwe. Mabuku akale amati master ndi slave. Mu 2020 bungwe lija linasintha mawuwa kukhala client ndi server, koma pa ntchito mudzamva onse awiri. Woyankha aliyense ali ndi adiresi yake, kuyambira 1 mpaka 247. Awiri akakhala ndi adiresi imodzi amayankha nthawi imodzi ndipo palibe chimamveka. Zindikiraninso ichi: jenereta ikapsa, siingakuwe yokha. Imadikira mpaka aifunse.

Mkati mwa woyankha muli ma register. Kumbukirani mabokosi a makalata a ku positi ofesi kwathu kuja, mzere wa titseko tokhala ndi nambala koma topanda dzina la mwini. Register ili choncho. Ili ndi nambala yake, ndipo mkati mwake muli chiwerengero chimodzi, pakati pa 0 ndi 65,535. Palibe cholembedwa chonena kuti chiwerengerocho ndi mavoti, madigiri kapena malita. Wofunsa amangoti, "Iwe nambala 5, ndipatse zimene zili m'mabokosi 10 kuyambira bokosi 100," ndipo nambala 5 amapereka. Tanthauzo lake lili m'buku la wopanga makinawo basi, pa tsamba lotchedwa register map. Buku limenelo likasowa, muli ndi manambala opanda mutu.

Mabokosiwa ali m'magulu anayi. Ma coil ndi ma discrete input amasunga inde kapena ayi, kuyaka kapena kuzima. Ma input register ndi ma holding register amasunga ziwerengero. Ma coil ndi ma holding register mutha kuwerenga ndi kulembamo, enawo ndi owerenga chabe. Lamulo lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa function code: 03 ndi kuwerenga holding register, 04 kuwerenga input register, 06 kulemba m'bokosi limodzi, 16 kulemba m'mabokosi angapo. Modbus ikayenda pa Ethernet imatchedwa Modbus TCP ndipo imalowera pa port 502. Kumeneko ofunsa atha kukhala angapo.

Lamulo la wofunsa mmodzi lija limavuta kwambiri pa sola. Inverter imabwera ndi kabokosi kake kotumiza ziwerengero ku foni ya bwana, ndipo kabokosiko ndi wofunsa kale pa chingwecho. Wa BMS akabwera n'kulumikiza mawaya ake pomwepo, aphunzitsi akhala awiri m'kalasi imodzi. Zimagwira mphindi zingapo, kusiya, kugwiranso, ndipo aliyense amaloza chala mnzake.

BACnet, chinenero cha m'nyumba

BACnet inabwera chifukwa cha kudandaula kwa eni nyumba. M'zaka za m'ma 1980 kampani iliyonse ya BMS inali ndi chinenero chake chachinsinsi, ndiye ukagula kwa mmodzi unali wake mpaka nyumbayo idzagwe. Bungwe la mainjiniya a ku America la ASHRAE linakhazikitsa komiti mu 1987, wapampando wake H. Michael Newman wa ku Cornell University. Zinawatengera zaka 8: muyezo wa ASHRAE 135 unatuluka mu 1995, ndipo mu 2003 unavomerezedwa pa dziko lonse ngati ISO 16484-5.

Ngati Modbus ndi bokosi lopanda dzina, BACnet ndi envelopu yolembedwa zonse. Chilichonse ndi object yokhala ndi mtundu wake, monga Analog Input pa kutentha kapena Binary Output pa kuyatsa pampu, ndipo imanyamula dzina, chiwerengero chomwe amati Present Value, muyezo wake kaya ndi madigiri kaya ndi kW, ndiponso chizindikiro chonena ngati ili bwino kapena yalakwika. Makina a BACnet amadzitchula okha. Kompyuta ikakuwa kuti Who-Is, aliyense amayankha kuti I-Am, ndi nambala yake. Nambala imeneyi, device instance, iyenera kukhala yake yokha m'nyumba yonse, ndipo imafika mpaka 4,194,302, ndiye palibe chifukwa choti awiri alimbiranire imodzi, ngakhale zimachitikabe chifukwa anthu amasiya nambala yomwe chipangizo chinabwera nayo. Komanso atha kulankhula okha chinthu chikasintha, osadikira kufunsidwa.

Pa Ethernet imatchedwa BACnet/IP ndipo port yake ndi 47808. Pa RS-485 ndi MS/TP, ndipo kumeneko mwayi wolankhula umazungulira ngati chikho cha thobwa pa dima: amene wachigwira ndiye nthawi yake, akatha apatsira mnzake. Maadiresi a olandira chikhocho ndi 0 mpaka 127.

Zinenero zina ziliko. KNX ndi yofala ku Ulaya pa magetsi owunikira ndi makatani, DALI ndi ya mababu, M-Bus ndi ya mamita a madzi ndi kutentha, LonWorks mudzaipeza m'nyumba zakalekale. Ku mbali ya fakitale Siemens imakonda Profibus ndi Profinet, Allen-Bradley imakonda EtherNet/IP, ndipo OPC UA ikukula. Koma pa ntchito zambiri zimene ine ndaona, nkhani imakhala Modbus uku, BACnet uko.

Womasulira

Pakati pa awiriwa pamakhala gateway, kabokosi kokwana m'dzanja kopachikidwa m'panel. Mayina odziwika ndi Intesis, FieldServer, Moxa, ndipo nthawi zina JACE ya Niagara imagwira ntchitoyi yokha. Ma VSD ena, monga ABB ACH580, amadziwa zinenero zonse ziwiri, ndiye safuna womasulira. Mumangosankha pa mabatani ake. Zikatheka choncho, teroni. Kabokosi kalikonse kowonjezera ndi malo enanso oti padzafe chinthu.

Tonse tinakhalapo m'tchalitchi momwe mlaliki akulankhula Chingerezi, wina akumasulira. Womasulira wa m'tchalitchi amamva zimene zikunenedwa, ndipo mlaliki akaphonya iye amakonza mwakachetechete. Gateway siimva kanthu. Ili ndi tebulo lomwe munthu analemba, lonena kuti bokosi lakuti la woyankha nambala 5 likhale Analog Input 12, dzina lake Diesel Level, muyezo wake peresenti. Imatsatira tebulolo osaganiza. Munthuyo akalakwitsa mzere umodzi, gateway idzanena bodza limenelo mokhulupirika usana ndi usiku kwa zaka 10, ndipo pa sikirini lidzaoneka laudongo ngati zoona zinazo. Tebulo limeneli timati points list, ndipo ine ndimaliona ngati mtima wa ntchito yonse. Zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka.

Choyamba ndi kuphonya ndi bokosi limodzi. Mabuku ena amalemba bokosi loyamba la holding register ngati 40001, koma pa waya bokosi lomwelo limaitanidwa kuti 0. Wina amayamba kuwerenga pa 1, wina pa 0. Zotsatira zake, pomwe mumafuna mavoti mukuwerenga za bokosi loyandikana nalo. Chikakhala chiwerengero chopusa, mwachita mwayi, chifukwa muona msanga. Choopsa ndi pamene mabokosi oyandikanawo ndi L1, L2 ndi L3, onse pafupi ndi 230: zimaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene phase imodzi yafa ndipo sikirini ikuloza yolakwika.

Chachiwiri ndi kadontho. Bokosi la Modbus silisunga 7.2, limasunga 72, ndipo buku limanena kuti mugawe ndi 10. Woiwala kugawa amaonetsa madzi a chiller ali pa madigiri 72. Wina amagawa pomwe sipafunika.

Chachitatu ndi manambala a pansi pa ziro, ndipo ichi chimagwira ogwira m'masitolo a nyama ndi nsomba. Chipinda chozizira chili pa madigiri 18 pansi pa ziro. M'bokosi muli -180, koma gateway ikauzidwa kuti bokosilo silikhala ndi minus, imawerenga 65,356, n'kugawa ndi 10, n'kuonetsa madigiri 6,535.6. Mukaona nambala ya m'ma 65,000 kapena 6,500 pa chinthu chozizira, musathamangire kuimbira wa mafiriji usiku. Firiji ili bwino, tebulo ndiye lalakwika.

Chachinayi ndi manambala aakulu. Mita ya magetsi ikadutsa 65,535 kWh, bokosi limodzi silikwana, ndiye amagwiritsa ntchito awiri. Koma opanga makina sanagwirizane kuti loyamba ndi liti, lalikulu kapena laling'ono. Mukawatembenuza, mita imaonetsa mamiliyoni osamveka, kapena imalumpha modabwitsa. Pa nyumba imene alendi amalipira magetsi potengera ziwerengero zimenezi, apa pali ndalama za anthu, ndi milandu.

Chachisanu ndi chimene ine ndimachiopa kuposa zonsezi, chifukwa sichioneka. Woyankha akasiya kuyankha, kaya waya waduka kaya fyuzi yapsa, ma gateway ambiri amangosunga chiwerengero chomaliza chimene anamva n'kumachiperekabe. Pa nyumba ina ya maofesi imene ndinaitanidwako mu 2023, sikirini inkaonetsa dizilo ali pa 80 peresenti, zobiriwira bwinobwino. Jenereta inazima pakati pa load shedding, thanki ili gwa. Mlandu unayamba kugwera alonda, eti aba dizilo, ndipo mukudziwa nokha mmene zimakhalira mlendo akaganiziridwa kuba kuno. Titatsegula mbiri ya chiwerengerocho pa BMS tinapeza mzere wowongoka ngati rula: 80, 80, 80, kwa masabata atatu, pomwe jenereta inkayenda tsiku lililonse. Munthu wina popenta anagwedeza chingwe cha RS-485 n'kuchimasula. Dizilo sanabedwe, anangotha, ndipo palibe anaitanitsa wina chifukwa sikirini inkati alipo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Gateway iuzidwe kuti woyankha akakhala chete ikweze chizindikiro cha fault, ndipo BMS ilize alamu ya comms fail. Pa PLC timaikanso kanambala komangosintha sekondi iliyonse, kotchedwa heartbeat, kuti kakaima tidziwe kuti kulankhulana kwafa. Kwa inu ogwira usiku, nzeru yake ndi iyi: chiwerengero chamoyo chimagwedezeka. Kutentha, mavoti, madzi m'thanki, zonse zimakwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Nambala yomwe yaima chimodzimodzi kuyambira dzulo ikayikireni, pitani mukaone ndi maso, ndipo lembani m'buku la zochitika nthawi imene mwaona. Bukulo ndi limene lidzakuyankhireni.

Chinanso cha load shedding: gateway ndi switch ya network ziyenera kukhala pa UPS. Ndaona nyumba zambiri zomwe magetsi akangothima BMS imachita khungu, nthawi yomweyo imene mukufuna kudziwa ngati jenereta yalira.

Kuwerenga ndi kulamula

Kuwerenga chabe sikuvulaza munthu. Kulemba, ndiye kuti BMS kulamula PLC kuti yatsa kapena zimitsa, ndi nkhani ina. Lamulo langa ndi lakuti BMS izipempha, PLC izigamula. BMS inene kuti ikufuna pampu iyake. PLC ione ngati m'thanki muli madzi, ngati valavu yatseguka, ngati palibe wadina batani la ngozi, kenako iyatse. Zoteteza makina ndi anthu zikhale mu PLC ndi m'mawaya enieni, osati kudutsa pa gateway. Za moto ndiye osayerekeza n'komwe. BMS itha kuonetsa kuti alamu ya moto yalira, koma kuzimitsa mafani ndi kutsegula zitseko kumayenda pa mawaya akeake.

Pafunikanso kugwirizana pasadakhale kuti kulankhulana kukaduka makina achite chiyani. Pampu ipitirize kapena iime? Pa chiller ya chipinda cha ma server mwina ipitirize. Pa pampu yodzaza thanki ya padenga, kupitiriza ndi kusefukira. Funso limeneli likapanda kufunsidwa, yankho lake mudzalidziwa tsiku la tsoka.

BACnet ili ndi makwerero 16 a ulamuliro, priority 1 mpaka 16. Nambala yaing'ono imaposa yaikulu. 1 ndi 2 ndi za chitetezo cha moyo, 8 ndi ya munthu wokhala pa kompyuta, 16 ndi yotsikitsitsa ndipo mapulogalamu ambiri a tsiku ndi tsiku amalembera kumunsi kumeneko. Munthu akayatsa fani pa priority 8 n'kuiwala kumasula, faniyo siidzamveranso ndandanda ya nthawi mpaka wina adzachotse lamulolo. Nyumba zambiri zikudya magetsi usiku wonse chifukwa cha override yomwe wina anaika chaka chatha. Modbus ilibe makwerero otere: wolemba komaliza ndiye wapambana.

Tsono apa mvetserani bwino, achimwene ogwira ndi manja. Pa chitseko cha panel pamakhala swichi ya Hand, Off, Auto. Ikakhala pa Auto, mota imene yaima phee itha kulira nthawi ina iliyonse, chifukwa woilamula ali pa nsanjika ina, kapena ali kwawo pa laputopu, kapena ndi wotchi chabe ya mu BMS. Kuzimitsa pa sikirini si kuzimitsa. Ngakhale Off ya pa chitseko si yokwanira kuti mulowetse dzanja pa lamba wa fani. Zimitsani pa isolator, ikani loko wanu, kiyi m'thumba mwanu, pachikani chikwangwani, yesani kuti magetsi afadi. Kapitawo akakufulumizitsani kuti "ndazimitsa kale pa kompyuta," mukaneni mwaulemu.

Za mawaya, mwachidule

Chingwe cha RS-485 chiyende kuchoka pa chipangizo ichi kupita pa chotsatira, ngati mkanda, osati nthambi zochokera pamalo amodzi. Mwa lamulo lakale chimanyamula zipangizo 32 ndipo chimafika mamita pafupifupi 1,200. Kumapeto konse kuwiri kumafuna resistor ya 120 ohm, pakati ayi. Zipangizo zonse zigwirizane liwiro, kawirikawiri 9,600 kapena 19,200 pa Modbus ndi 38,400 kapena 76,800 pa MS/TP, komanso parity. Zilembo A ndi B musazikhulupirire kwambiri, chifukwa A wa kampani iyi ndi B wa kampani ina. Zikakana, tembenuzani mawaya awiriwo, sizipsa. Ndipo chingwechi chisagone mu tray imodzi ndi mawaya ochoka pa VSD kupita ku mota. Chipangizo chimodzi chakufa chimachedwetsa anzake onse, poti wofunsa amachidikira, kufunsanso, kudikiranso, asanapite kwa wotsatira.

Akuba a pa intaneti

Modbus inapangidwa nthawi yomwe aliyense wofika pa chingwe anali wa m'nyumba momwemo, ndiye ilibe password. Aliyense wofika pa port 502 atha kulamula. BACnet/IP yakale ilinso chimodzimodzi, n'chifukwa chake anapanga BACnet/SC yomwe inalowa mu muyezo wa 2020. Mu Januwale 2024, mumzinda wa Lviv ku Ukraine, pulogalamu yoipa yomwe akatswiri a kampani ya Dragos anaitcha FrostyGoop inatumiza malamulo a Modbus ku makina a kampani yotenthetsa nyumba, ndipo nyumba zogona zoposa 600 zinakhala zopanda kutentha pafupifupi masiku awiri, m'nyengo ya chisanu choopsa. Mu 2013 akuba analowa m'makompyuta a masitolo a Target ku America pogwiritsa ntchito password yobedwa kwa kampani yokonza mafiriji ndi ma air conditioner, n'kuba manambala a makhadi pafupifupi 40 miliyoni. Ndiye kompyuta ya BMS ija si yotchajira foni, si yoonera mpira usiku, ndipo flash ya nyimbo isalowemo. Munthu wachilendo akabwera ndi laputopu kuti alumikize m'panel, funsani pepala la ntchito ndipo lembani dzina lake.

Wofuna kuphunzira

Ngati muli kale ndi luso la magetsi, kaya munaphunzira kwathu pansi pa TEVETA kaya kuno, poyambira pake sipafuna ndalama zambiri. Laputopu yakale, kachipangizo ka USB kupita ku RS-485, ndi mita imodzi yotchipa ya Modbus ndi zokwanira kuyeserera pa tebulo kunyumba. QModMaster ndi yaulere yowerengera Modbus, YABE ndi yaulere yofufuzira BACnet, Wireshark ndi yaulere yoonera mauthenga akudutsa pa Ethernet, ndipo mabuku a Modbus ali pa tsamba la bungwe lake osalipira. Yeserani kunyumba, osati pa makina a bwana. Mapepala a sukulu a kwathu, kuno amaunikidwa ndi SAQA. Ku Britain malo ambiri omanga amafuna khadi la ECS, ndipo bungwe la BCIA limaphunzitsa makosi a BMS.

Kampani yolumikiza makina ikamaliza ntchito pa nyumba yanu, isanapakire zipangizo, wa maintenance apemphe zinthu izi ndi kuziika mu envelopu ya pulasitiki mkati mwa chitseko cha panel: points list yonse, register map ya chipangizo chilichonse, maadiresi ndi liwiro la chingwe, ma IP address ndi ma device instance, ndi fayilo ya pulogalamu ya gateway pa flash yakeyake. Ma password apite kwa woyang'anira nyumba, osati m'panel. Kenako apemphe kuti ayese pamaso pake: amasule chingwe cha jenereta dala, onse ayang'ane sikirini, awerenge masekondi mpaka alamu ya comms fail italira. Ikapanda kulira, asasaine pepala.